Tsamba linati yaima, pampu ikulira: Flask, Bottle, FastAPI kapena http.server?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina tikudikira minibasi pa Chitakale, wina pa foni usiku ndikufuna kugona. Akuti script yanga (kapulogalamu kodzilembera) imayenda usana ndi usiku pa Raspberry Pi (kakompyuta kokwana m'manja), ndikufuna ndizitha kuiyimitsa ndi kuiyambitsa pa foni ndili kutali, ndigwiritse ntchito chiyani? Pakamwa patopa, bola ndilembe kamodzi. Koma ndineneretu kuti pa mlandu uwu ine si woweruza wachilungamo. Chimodzi mwa zida zinayi zimene nditchule pano, zonse za chinenero cha makompyuta cha Python zopangira tsamba lolamulirapo script, ndinapsa nacho, ndipo chipsera chake sichinapole.

Amalume ali ndi nazale kufupi ndi Luchenza, ya mbande za tiyi za m'machubu ndi makadamiya pang'ono. Madzi amachokera m'chitsime, pampu imawakweza mu thanki ya malita 5,000, kuchoka pamenepo amatsika okha m'mapaipi. Ine ndinaikapo Raspberry Pi 3, relay imodzi (switchi yolamulidwa ndi kompyuta), ndi kachipangizo koyandama m'thanki kodziwitsa ngati madzi adzaza. Script yake ndi ya Python, mizere yosakwana 100. Imayang'ana thanki, ikapeza kuti sinadzaze imayatsa pampu, ikadzaza imazimitsa, kenako n'kugona masekondi 60. Basi. Inayenda miyezi isanu osavuta, nyengo yonse ya chiperoni.

Zinasintha ndi dzuwa la Okutobala. Chitsime chimaphwera nthawi imeneyi, ndipo script yanga imadziwa za thanki yokha, za chitsime sizikuikhudza. Mufunsa kuti bwanji amalume osangozimitsa okha. Anazimitsapo tsiku lina pa switchi yaikulu, SD card n'kuwonongeka, ine n'kutaya Loweruka lathunthu kuikanso zonse. Chifukwa chokwiya ndinakhoma bokosi la Pi ndi loko, kiyi n'kupita naye ku Mulanje. Kuyambira pamenepo madzi akatsika ndinkakwera minibasi mpaka ku Luchenza kukangozimitsa chinthu chimodzi n'kubwerera. Ulendo wachitatu ndinaona kuti thiransipoti indimaliza, ndipo ndinayamba kufunafuna njira yolamulira pa foni.

Ndinayamba ndi Flask chifukwa ndi imene aliyense amaphunzitsa. Anailemba Armin Ronacher mu 2010, ndipo inayamba ngati nthabwala ya pa 1 Epulo. Kwa ine nthabwalayo inafika patapita zaka zoposa khumi. Ndinachita zimene aliyense angachite: ntchito yoyang'ana thanki ija ndinaiyika mu thread yakeyake (kanjira koyenda pakokha mkati mwa script yomweyo), ndinapanga ma adiresi awiri, /imitsa ndi /yambitsa, okhudza relay ndi kusintha variable imodzi (kamalo kosungamo ngati pampu iyende kapena iime), ndipo pansi penipeni, pa app.run, ndinalemba debug=True monga ndinaonera pa kanema wina wophunzitsa. Ndinayesa ndili pa nazale pomwepo. Kudina imitsa, relay kulira, pampu zii. Ndinayambitsanso, kutseka bokosi, kunyamuka ndikuimba mluzu. Sindinadikire ngakhale miniti imodzi kuti ndione ngati ikhaladi chete.

Lachinayi lina chakumadzulo amalume anaimba. "Iwe, madzi atsika kwambiri, paipi yayamba kukoka mpweya. Tazimitsa chinthu chako chija." Ndinatsegula foni, kudina, tsamba n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti YAIMA. "Amalume, ndazimitsa, pitani mukapume." Iwo anamvadi pampu itakhala chete, anakwera njinga n'kumapita. Mlonda anali atauzidwa kale kuti bokosi lija si lake, ndiye atamva pampu yayambanso kulira anangoti ndi mmene za makompyuta zimachitira. Inalira usiku wonse yopanda dontho la madzi. M'mawa m'kanyumba ka pampu munali fungo la labala wopsa, seal itatha, ndi chopalasa madzi cha mkati chitapindika ndi kutentha.

Ndinafika cha m'ma 9 koloko, tsamba pa foni likunenabe kuti YAIMA. Ndinalumikiza laputopu, kulemba lamulo la ps aux loonetsa zonse zimene zikuyenda, ndipo ndinaona script yanga ili kawiri. Ma process awiri, kutanthauza makope awiri a script oyenda paokhapaokha, dzina limodzi.

Chimene chimachitika n'chakuti debug=True imayatsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo chimodzi mwa izo ndi reloader, kanthu koyang'anira mafayilo kuti ukasintha mzere seva iyambirenso yokha. Kuti zimenezi zitheke, process yoyamba imasanduka kholo, n'kubereka process ina imene imawerenganso fayilo yonse kuchokera pamwamba. Kholo silimvera aliyense wa pa netiweki, limangokhala n'kumayang'anira mwana. Koma thread yanga ya pampu inali itayamba kale kuyenda mzere wa app.run usanafike, choncho kholo linali ndi yake, mwana naye yake. Batani langa linkalankhula ndi mwana yekha. Mwana anamvera, anazimitsa relay kamodzi n'kupinda manja. Kholo, pokhala ndi variable yakeyake imene palibe anaikhudza, linadzuka pa masekondi 60 ake, kuona kuti thanki sinadzaze, n'kuyatsa pampu. Atambala awiri m'khola limodzi, ndipo amene ndinkamuuza kuti asalire anali wamng'onoyo.

Chopweteka kwambiri n'chakuti kompyuta inayesa kundichenjeza. Library ya RPi.GPIO, yolamulira ma pin (timiyendo ta Pi tolumikizapo relay), ikaona kuti pin ili kale pa ntchito imalemba chenjezo lakuti ikugwiritsidwa ntchito koma ipitirirabe. Ine ndinali nditakopera mzere wa setwarnings wozimitsa machenjezo, chifukwa unali m'chitsanzo chimene ndinatengako ndipo sindinafunse ntchito yake. Safunsa anadya phula. Amene mukugwiritsa ntchito library ina ya lgpio muli ndi mwayi, chifukwa iyo imakaniratu kupereka pin imene process ina yatenga kale.

Amalume sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayang'ana foni yanga, anayang'ana pampu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, kompyuta yakoyi ndi yaulemu kwambiri. Imangovomera." Kukonzetsa ku Limbe kunadya ndalama yogulira matumba awiri a feteleza, osawerengera aganyu amene anathirira mbande ndi makheni masiku asanu.

Tsopano chilungamo pang'ono. Zonsezi zinalembedwa m'malangizo a Flask, ine sindinawerenge. Ukalemba use_reloader=False kholo ndi mwana kulibe. Ndipo ukatembenuza zinthu, kuika Flask mu thread ntchito yaikulu n'kukhala kutsogolo, reloader imakana kuyamba n'kulemba kuti signal imagwira mu thread yaikulu yokha, moti umadziwa pomwepo kuti china chalakwika. Kulakwa kunali kwanga. Koma taonani misampha ina imene ili pa njira yomweyo. Chachiwiri chimene debug=True imayatsa ndi debugger ya Werkzeug (library imene Flask imayendera), imene script ikagwa imaonetsa tsamba lokhala ndi malo olembamo malamulo a Python mwachindunji pa makina ako. Chotchinga chake ndi PIN yokha. Ine ndinali nditaulula tsambalo pa intaneti kwa sabata zitatu. Kenako pali chenjezo lija limene Flask imalemba ikamayamba, lakuti seva imeneyi ndi yoyesera chabe, usaigwiritse pa ntchito yeniyeni. Munthu ukaliwerenga umathamangira seva ina yotchedwa Gunicorn, n'kukopera -w 4 monga alembera ena. Ma worker anayiwo ndi ma process anayi, aliyense amawerenga fayilo yako payekha, ndiye atambala aja akwana anayi. Ngakhale kuizimitsa bwinobwino seva ya Flask kuchokera mkati n'kovuta: njira yakale ya werkzeug.server.shutdown inachotsedwa mu Werkzeug 2.1 mu 2022, koma malangizo akale oilimbikitsa akadali mbwee.

Zonsezi zikuchokera pa chinthu chimodzi. Flask inapangidwa poganiza kuti webusaiti ndiye mwini nyumba, china chilichonse ndi mlendo. Kwa ife zili mozondoka: mwini nyumba ndi pampu, kapena makina otumiza ma SMS kwa alimi, kapena choyeza kuzizira kwa mkaka, ndipo HTTP, njira yolankhulirana ya masamba a intaneti, ndi kazenera chabe kolankhulirapo. Ngati Flask mukuikondabe, iyendetseni ndi seva ya Waitress. Ndi ya Python yokhayokha, process imodzi, ma thread anayi ukapanda kusintha, ndipo sibereka ana. Mnzanga wina wa ku Bvumbwe akuyendetsa choncho chaka chachiwiri tsopano, palibe chimene chamuchitikira. Ine ayi. Njoka ikakuluma umathawa ndi chingwe chomwe.

FastAPI sinditayapo nthawi. Inatuluka mu Disembala 2018, ya Sebastián Ramírez, ndipo tsamba lake la /docs limene limadzipanga lokha ndi lokongoladi. Koma imabwera ndi Starlette, Pydantic ndi Uvicorn, katundu yense ameneyu chifukwa cha mabatani awiri, ngati kubwereka lole yonyamula tiyi kuti ukatenge thumba limodzi la chimanga kuchigayo. Ilinso ndi msampha wake: ukaika time.sleep mkati mwa async def, seva yonse imagona nayo limodzi mpaka masekondiwo atathe. Ngati script yanu ndi ya asyncio kale (kalembedwe koyendetsa ntchito zambiri mosinthanasinthana mu thread imodzi), kapena mukutumiza manambala ambiri ofunika kuwaunika asanalowe, itengeni. Apo ayi, ipiteni.

Bottle ndimaikonda, ndipo ikanakhala kuti ndinayamba ndi iyo mwina ndikanakhazikika pomwepo. Ndi ya Marcel Hellkamp, ya mu 2009, ndipo yonse ndi fayilo imodzi, bottle.py, yosadalira china chilichonse kupatula Python yomwe. Kwa anzathu a m'tauni zimenezi si nkhani. Kwa ife amene timakhala chogwada m'kanyumba ka pampu, netiweki ikubwera n'kupita, pip, chida chotsitsira ma library, ikulephera pakati pa njira, ndi nkhani yaikulu. Umaikopera pa flash kunyumba, kuiponya pafupi ndi script, yatha. Kumbukiraninso kuti kuyambira Raspberry Pi OS Bookworm ya mu 2023, pip imakana kuika zinthu pa makina onse, imafuna upange venv (malo apadera a ma library a script yako) kapena udutsire ku apt (choikira mapulogalamu cha makinawo), ndiye fayilo yongokopera imakupulumutsa ku zonsezo. Kalembedwe kake kamafanana kwambiri ndi ka Flask, ndipo reloader yake ndi yozimitsa pokhapokha utaipempha ndi dzina, debug siyatsa yokha. Chofooka chake ndi seva imene imabwera nayo, ya wsgiref, yolandira mlendo mmodzi pa nthawi. Foni ikataya netiweki ili pakati polankhula, aliyense wobwera pambuyo amadikira pakhomo. Mankhwala ake ndi Waitress yomwe ija, koma ukatero ubwino wa fayilo imodzi watha.

Chimene chikuyenda pa nazale lero ndi http.server, imene ili kale mkati mwa Python, yosafuna kuika chilichonse. Ndi yosakongola. Umalemba class yochokera ku BaseHTTPRequestHandler, kulemba do_GET ndi do_POST, kuyang'ana wekha self.path ndi ma if, kutumiza wekha nambala 200 kapena 404, kukumbukira wekha end_headers ndi kusandutsa mawu kukhala bytes. Zanga zonse zinakwana mizere pafupifupi 40. Koma mizere 40 imeneyi ndimaidziwa umodziumodzi, ndipo palibe chimene chimachitika kumbali ine osadziwa. Munthu amene wapsetsapo pampu ya amalume ake amagula mtendere umenewu pa mtengo uliwonse.

Pali zitatu zoti musamale nazo. Musatenge HTTPServer wamba, tengani ThreadingHTTPServer, imene inalowa mu Python 3.7 mu 2018. Asakatuli a masiku ano ali ndi chizolowezi chotsegula khomo pasadakhale osanena kanthu, ndipo HTTPServer wamba imaima pakhomo limenelo kudikira mpaka kalekale, batani lako n'kufa. Malangizo a Python enieniwo amatchula chifukwa chimenechi. China, serve_forever ikayamba sibwerera, ndiye ipatseni thread yake yokhala ndi daemon=True, ntchito yaikulu ikhale kutsogolo; ndipo shutdown musaiyitane kuchokera mu thread yomwe ikuyendetsa serve_forever, zimagwirana pakhosi mpaka muyaya. Chomaliza, malangizo ake amanena poyera kuti si yoika pa intaneti ya aliyense chifukwa chitetezo chake n'chochepa. Ndikuvomereza, ndipo ndifika pamenepo.

Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni si dzina la library. Ndinasintha mmene batani limalankhulira ndi pampu. Poyamba batani linkakhudza relay lokha, n'kudzilembera lokha kuti YAIMA, ngati mwana wasukulu wodzichongera mayeso. Panopa seva siyatsa kapena kuzimitsa pin ngakhale imodzi. Ikalandira lamulo imangokweza mbendera, threading.Event, ndipo ntchito yaikulu ndiyo imaona mbenderayo n'kuzimitsa. M'malo mwa time.sleep ndinaika wait ya Event yomweyo ya masekondi 60, moti lamulo likafika imadzuka pompopompo osadikira kuti miniti ithe. Tsamba loonetsa mmene zilili silinena zimene ndinalamula. Limawerenga pin yeniyeniyo, limalemba nthawi imene ntchito yaikulu inazungulira komaliza, ndi nambala ya process. Ndikaona kuti nthawiyo yadutsa mphindi ziwiri osasintha ndimadziwa kuti mkati mwafa munthu ngakhale pakhomo akuyankha. Pamwamba pa script ndinaikanso loko ya fcntl.flock pa fayilo imodzi, kuti process yachiwiri ikangobadwa ipeze malo atatengedwa, idzichokere yokha. Mizere inayi. Ikanakhalapo Lachinayi lija, feteleza uja akanapita kumunda.

Palinso china chimene palibe mwa zinayizi imakuchitira. Kwathu kuno magetsi amazima, si nkhani yachilendo. Akabwera, systemd, yoyang'anira mapulogalamu pa Pi, imayambitsanso script monga ndinaiwuzira ndi Restart=always, koma script yadzuka yatsopano, yosakumbuka kuti inauzidwa kuima. Imaona thanki sinadzaze, n'kuyatsa pampu pa chitsime chouma chomwe chija. Izi ndinazigwira ndisanapsenso, ndikuyesa dala pozula pulagi. Lamulo lomaliza lizilembedwa pa fayilo, script izidzuka n'kuwerenga pamenepo isanakhudze relay. Lembani pokhapokha lamulo lasintha, osati miniti iliyonse, SD card si mwala.

Za GET ndi POST ndinene mwachidule chifukwa ndinachita nazo manyazi. Poyamba /yambitsa inali linki wamba, ndipo ndinaitumiza kwa msuweni wanga pa macheza a pa foni kuti aisunge. Mapulogalamu ochezerawa amatsegula okha linki kuti aonetse kamutu ndi kachithunzi kake, ndiye pampu inayaka asanadine aliyense. Malamulo a HTTP amanena kuti GET ndi yongoyang'ana, isamasinthe kanthu. Chilichonse choyatsa kapena kuzimitsa chikhale POST, chokhala ndi mawu achinsinsi, ndipo powayerekeza gwiritsani hmac.compare_digest. Flask, Bottle ndi FastAPI zimapeputsa zimenezi ndi mzere umodzi, pa http.server umawerenga wekha Content-Length. Pamenepa ndiye zandiposa, ndavomera.

Tsopano ndalama zobisika, zimene mavidiyo ophunzitsa satchula chifukwa eni ake sakhala kuno. Seva ikayenda pa Pi, uifikira bwanji uli ku Chitakale? Pa nazale intaneti ndi ya SIM card mu karauta. Ndinataya madzulo awiri ndikutsegula ma port (makomo a netiweki) pa rautayo, osadziwa kuti ndikugogoda pa khomo lojambula pakhoma. Makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, chimene amati CGNAT. Mukafuna kudziwa ngati zili choncho kwa inu, yang'anani adiresi imene rauta yalandira kuchokera kunja: ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, palibe wa kunja angakufikeni, mutsegule port zingati. Ndiye ndinatenga kampani ina ya kunja yopereka ngalande yodutsira, yaulere. Yaulereyo inkandipatsa adiresi yatsopano nthawi iliyonse Pi ikayambiranso, kutanthauza kuti magetsi akangophethira linki ya pa foni yafa, ndipo yatsopanoyo yalembedwa pa Pi imene sindingaifikire. Kuti adiresi ikhazikike ankafuna malipiro a mwezi ndi mwezi m'madola, pa khadi. Amene munayesapo kulipira kanthu m'madola zaka zapitazi mukudziwa mmene zimakhalira. Ndinalipira miyezi iwiri kudzera kwa mnzanga wa ku Blantyre, pa mtengo wake wa dola, wachitatu ndinaleka.

Bandulo nayo inatha mosadziwika bwino. Tsamba langa loyamba linkadzitsitsimula lokha masekondi awiri aliwonse, ndipo linkakoka mafayilo okongoletsa kuchokera kunja. Ndinaliiwala lotsegula pa laputopu kumapeto a sabata. Panopa tsambalo ndi mawu okhaokha ndi mabatani awiri, silikwana kilobaiti imodzi, ndipo limasintha ndikalipempha.

Chimene ndikugwiritsa ntchito tsopano ndi Tailscale, yolumikiza zipangizo zako pa netiweki yachinsinsi, yomangidwa pa WireGuard, njira ija ya Jason Donenfeld imene inalowa mu Linux 5.6 mu 2020. Umaiyika pa Pi ndi pa foni, ziwirizi zimapezana zokha ngakhale zonse zili kuseri kwa CGNAT, Pi n'kukhala ndi adiresi yosasintha yoyamba ndi 100, yooneka kwa zipangizo zako zokha. Apa ndi pamene chenjezo la http.server lija limasiya kundiopsa: seva yanga simvera pa 0.0.0.0 (kutanthauza ma adiresi onse a Pi), imamvera pa adiresi ya Tailscale yokha, ndipo zodutsa pamenepo n'zobisika kale ngakhale ndi HTTP wamba. Kanthu kamodzi kanandivuta. Magetsi akabwera script imadzuka msanga kuposa Tailscale, imayesa kugwira adiresi imene sinabadwe, n'kugwa. Ndinaika kuti thread ya seva ikalephera izidikira masekondi khumi n'kuyesanso, pampu osaisokoneza. Amene muli ndi seva yanu kwinakwake yokhala ndi adiresi ya poyera mukhoza kuchita zomwezi ndi WireGuard wamba kapena ssh -R, koma sevayo nayo ndi ya madola.

Wina pa atatu aja anandifunsa kuti bwanji osangosiya HTTP n'kupanga bot ya Telegram. Funso labwino. Bot imachita kutuluka yokha kukafunsa ngati pali uthenga, kudzera pa getUpdates, ndiye CGNAT siikhudza, port palibe, ngalande palibe. Kwa munthu amene akufuna kungolemba kuti imitsa n'kulandira yankho, imaposa zonse ndatchulazi pa kuphweka kwa kuifikira, bola uyang'ane nambala ya wotumiza, apo ayi aliyense woipeza bot yako akhoza kulamula pampu. Ine ndinaisiya pa chifukwa chimodzi: intaneti ikadula, ngakhale utaima pafupi ndi bokosi sungailamule. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tonse a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo tinaona mmene netiweki ndi magetsi zimasowera limodzi kwa masiku. HTTP imagwira pa WiFi ya rauta ngakhale SIM ilibe kanthu, bola uilole imverenso pa adiresi ya mkatiyo. MQTT ndi Mosquitto, zotumizirana mauthenga pakati pa zipangizo, ndi za amene ali ndi mapampu khumi, osati imodzi. Ndipo ngati wolamula ndinu nokha ndipo SSH, njira yolembera malamulo pa Pi muli kutali, simuiopa, mwina simukufunika seva n'komwe: systemctl stop, kapena kutumiza SIGUSR1 ku script, n'zokwanira. Ine ndinkafuna kuti msuweni wanga naye azitha kudina.

Ndiye mukandifunsanso pa depoti, yankho ndi ili. Mabatani osapitirira anayi, munthu mmodzi kapena awiri: ThreadingHTTPServer mu thread, kuseri kwa Tailscale. Ma adiresi akachuluka mpaka ma if ayamba kukusokonezani, samukirani ku Bottle. FastAPI ngati muli kale m'dziko la asyncio. Flask ndi Waitress zimagwira, ndaona ndi maso anga ku Bvumbwe, koma musandiitane kuti ndidzakuthandizeni kuika.

Loko ija ndinaichotsa. Pa waya wopita ku pampu tinaikapo switchi wamba, kunja kwa bokosi, yoti mlonda akhoza kuithyola osakhudza Pi, ndipo m'chitsime muli kachoyandama kachiwiri kamene kamaletsa pampu kuyaka madzi akatsika. Moti kunena zoona batani la pa foni likugwira ntchito mwa apo ndi apo. Koma amalume amaimbabe. "Tazimitsa." Ndimadina, pampu imakhala chete, ndimawauza kuti yaima. Iwo sadula foni. "Tidikire kaye miniti yako ija," amatero, ndipo timakhala chete tonse awiri, iwo ataima pakhomo la kanyumbako, ine ndikumva nkhuku za ku Luchenza pa foni, mayunitsi awo akutha.